Chikwama cha kumsana cha ulendo wa ku Chimanimani: chopepuka kapena cha fulemu?

Mlongo wa ku Mufakose:
Abale anga, ndikupempha nzeru zanu. Ine ndi anzanga a kumpingo tikukonzekera kukayenda masiku angapo m'mapiri a Chimanimani kuno ku Zimbabwe mwezi wa July, ndipo cholinga chathu ndi kukafika pa nsonga ya Binga, yomwe ili m'malire ndi dziko la Mozambique. Ndaona zikwama ziwiri: china cha malita 40 chopanda fulemu (timitengo tachitsulo tolimbitsa kumsana kwa chikwama), chomwe sichikwana kilogalamu imodzi, ndi china cha malita 60 cha fulemu, cholemera pafupifupi makilogalamu 2. Kodi nditenge chiti?

Mkulu wa ku Highfield:
Achemwali, chikwama chimagulidwa pomaliza. Yambani mwasonkhanitsa tenti, thumba logonamo, mapoto, chakudya ndi zovala, muziyike pa sikelo, ndipo musaiwale kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Zikwama zopanda fulemu anazipangira anthu amene katundu wawo yense safika makilogalamu 10, chifukwa matenti ndi zofunda zawo ndi zopepuka komanso zodula kwambiri. Ambirife katundu wathu ndi wa kaunjika wa ku msika wa Mupedzanhamo ku Harare, wolimba ndithu koma wolemera ndi wodya malo. Kuwonjezera apo, July ndi mwezi wa chisanu, ndipo kuphiriko usiku kumazizira mpaka udzu kuchita mbuu, kotero thumba logonamo lochindikala lidzadzaza theka la chikwama cha malita 40 lokha.

Ntchito ya fulemu ndi kutsitsira kulemera pa lamba wa m'chiuno kuti mapewa apume. Pachikweza cha Bailey's Folly, mukangochoka pa msasa wa Mutekeswane, katundu wolendewera pa mapewa okha adzakutopetsani msanga kusiyana ndi kilogalamu imodzi yowonjezera ya chikwama chabwino. Ine ndikuti tengani cha fulemu.

Mayi wa ku Dzivarasekwa:
Ndikugwirizana ndi achimwenewa, koma pakati pa ziwirizo palinso zina, monga Osprey Exos 58, chomwe chili ndi fulemu koma sichifika kilogalamu imodzi ndi theka. Chachikulu kwa ife amayi ndi kutalika kwa msana. Wina akuyezeni kuchokera pa fupa lotukuka la kumbuyo kwa khosi kufika pamzere wa mafupa a m'chiuno, chifukwa chikwama chachitali kuposa msana wanu chimachititsa kuti lamba atsetserekere pansi, malamba a m'mapewa nkumakukhulani m'khosi. Ngati wogulitsa alola, ikanimo katundu wolemera ndi kuyendayenda nacho musanalipire. Mukagula, kachiyeseni ku phiri la Domboshava, pafupi ndi Harare, chili chodzaza.

Mnyamata wa ku Mbare:
Akuluakulu, mundilole ndisiyane nanu pang'ono. Ku Chimanimani kuli mapanga omwe anthu amagonamo, choncho gulu likagwirizana kusiya matenti ndi kugawana mapoto, cha malita 45 kapena 50 chikhoza kukwanira. Chondidetsa nkhawa ine ndi nsalu, popeza miyala ya kumeneko ndi yakuthwa ndipo imang'amba msanga nsalu yopyapyala ndi matumba a ukonde a m'mbali. Komanso muike pepala lalikulu la pulasitiki m'kati mwa chikwama musanalongedze, chifukwa mvula yamawawa imene kuno amati guti, yofanana ndi chiperoni cha ku Mulanje, imabwera ngakhale m'nyengo yozizira.

Mlongo wa ku Mufakose:
Zikomo kwambiri nonse. Ndiyamba ndayeza katundu ndi msana, kenako ndikambirana ndi anzanga za mapangawo tisanasankhe kukula kwa chikwama.