Atichotsa ntchito pa loji ku Senga Bay: kodi penshoni ndiye severance yomweyo?

Wophika wa ku Senga Bay:
Akuluakulu, ndithandizeni. Pa loji ina kuno atiuza anthu asanu kuti ntchito itha mwezi uno chifukwa alendo achepa. Ine ndagwira zaka 7 ndi miyezi 4, masiku 6 pa sabata, malipiro K156,000 pa mwezi. Abwana akuti severance, ndalama ija amapereka pochotsa munthu ntchito, palibe poti ankatiikira penshoni, ndipo atipatsa kalata yoti tisaine kuti tasiya tokha kuti ndalama zituluke msanga. Zoona zake n'ziti?

Mlembi wa yuniyoni, Salima Boma:
Achimwene, kalatayo musasaine. Mukangosaina kuti mwasiya mwa kufuna kwanu, severance yapita, chifukwa Employment Act, lamulo la za ntchito, imapereka ndalamayi kwa munthu amene wachotsedwa poti bizinesi yavuta, ntchito yachepa, kapena amene wachotsedwa mopanda chilungamo. Wosiya yekha salandira. N'chifukwa chake akuthamangira siginecha yanu. Apempheni akulembereni kalata yonena chifukwa chenicheni, chakuti alendo achepa.

Penshoni ndi severance n'zosiyana. Penshoni ndi 5% imene ankadula pa malipiro anu kuphatikiza 10% ya abwana, ndipo ili ku kampani yosunga penshoni m'dzina lanu. Severance imatuluka m'thumba la abwana munthu akachotsedwa. Kuyambira pamene lamulo linakonzedwanso mu 2010, amawerengera chonchi: zaka zisanu zoyamba, malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse, chaka cha 6 mpaka cha 10, masabata atatu, kuyambira chaka cha 11, masabata anayi. Amawerenga zaka zathunthu zokha, ndiye miyezi 4 ija ikugwa.

Tiyeni tiike manambala. K156,000 kuchulukitsa ndi 12, kugawa ndi 52, ndi K36,000 pa sabata. Zaka zisanu zoyamba ndi masabata 10, zaka ziwiri zotsatira ndi masabata 6, onse pamodzi 16. Severance yanu ndi K576,000. Chenjerani pa kagawidwe: ena amagawa malipiro a mwezi ndi 4 kapena 5 malinga ndi komwe kukuwakomera, choncho afunseni akulembereni masamu awo papepala. Amatenga malipiro amene mukulandira panopa, osati amene munayambira.

Pamwamba pake pali notisi. Wolandira pa mwezi amayenera kuuzidwa kutatsala mwezi wathunthu, apo ayi amulipire mwezi umenewo. Palinso tchuthi chimene simunapite: wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi masiku 18 pa chaka, ndipo kwa inu tsiku limodzi ndi K6,000. Zonsezi azipereke pasanathe masiku 7 ntchito itatha, pamodzi ndi kalata yosonyeza kuti munagwira kumeneko kuyambira liti mpaka liti.

Mayi wa ku HR (ofesi yoona za olembedwa ntchito), Nkhotakota:
Alembi afotokoza bwino. Ine nditsindike za nthawi, chifukwa anthu ambiri milandu imawathera pomwepa. Dandaulo la kuchotsedwa mopanda chilungamo liyenera kufika ku ofesi ya Leba ya boma lanu pasanathe miyezi itatu. Abwana ena amadziwa zimenezi, amangoti "bwerani kumapeto kwa mwezi, akauntanti kulibe," mpaka miyeziyo yatha. Kalembetseni dandaulo ngakhale mukukambiranabe. A Leba akalephera kukuyanjanitsani pa mwezi umodzi, nkhani imapita ku khoti la za ntchito, Industrial Relations Court, ndipo kwa inu a ku Salima yapafupi ndi ya ku Lilongwe.

Kumeneko amene ayenera kusonyeza kuti panali chifukwa chomveka ndi abwana. Ngati achotsa inu kenako n'kulemba wophika wina wa malipiro otsika, ndiye kuti nkhani ya alendo inali chophimba chabe. Pamenepo pamabwera chipukutamisozi chapadera: kwa munthu wa zaka zopitirira 5 mpaka 10, sichichepera malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse. Koma ndinene mosabisa, ngati bizinesi yagwadi ndipo atsata ndondomeko, chipukutamisozicho musachiwerengere. Mudzalandira severance, notisi ndi tchuthi basi.

Popita ku Leba tengani kontrakiti, mapepala a malipiro, ndi uthenga uliwonse wa pa WhatsApp wonena za kuchotsedwaku. Ngati mumalandira pamanja, jambulani buku limene mumasainamo lero lomwe, musanatsekeredwe kunja kwa geti.

Chinanso chimene chimandipweteka mtima: kudula 5% pa malipiro si umboni woti ndalamayo inafika. Pitani kapena imbani ku kampani ya penshoni mufunse sitetimenti yanu, muone ngati mwezi uliwonse uli mmenemo. Miyezi ikasowa, dandaulo limenelo limapita kwa Registrar of Financial Institutions, woyang'anira makampani a zachuma, ku Reserve Bank.

Kapitawo wakale, Dwangwa:
Ndiwonjezere za anzathu a ntchito ya nyengo, monga odula nzimbe ndi a m'maloji amene amaitanidwa nthawi ya alendo yokha. Ambiri amauzidwa kuti chaka chilichonse amayamba mwatsopano. Gawo 43 la Employment Act likuti wogwira nyengo zotsatizana kwa bwana mmodzi, miyezi yonse imene anagwiradi imaphatikizidwa. Wagwira miyezi 8 kwa nyengo 6, imeneyo ndi miyezi 48, zaka 4. Ngati mwa anzanu asanuwo muli wotere, asaope kufunsa zake.

Ndipo ku Leba mupite nonse asanu tsiku limodzi. Mmodzi akasaina payekha, abwana adzakuuzani otsalanu kuti "mnzanu uja wavomera, inu mukulimbira chiyani?"

Wophika wa ku Senga Bay:
Zikomo kwambiri nonse. Palibe amene wasaina. Lolemba tikakumana ku ofesi ya Leba ndi mapepala athu. Funso lina: ovataimu ya Lamlungu imene sanatilipire tikaitchule konko?

Mlembi wa yuniyoni, Salima Boma:
Eya, mukaitchule. Ngati Lamlungu ndi tsiku lanu lopuma, ola lililonse amalipira kawiri, chimodzimodzi pa holide ya boma. Maola owonjezera a tsiku wamba ndi kamodzi ndi theka. Lembani madeti ndi maola ake musanapite, ndipo ngati pali rosita ya mashifiti yopachikidwa kukhitchini, ijambuleninso.