Backup ya ma VM pa Proxmox, malaiti akuvuta chonchi: ndiyambire pati?

wa_ku_Chilenje:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimayang'anira makompyuta pa holoselo ina ku Kamwala. Tili ndi seva imodzi ya Proxmox, pulogalamu yoyendetsa makompyuta angapo mkati mwa seva imodzi (ma VM), ndipo muli ma VM anayi: ya akaunti ndi malipiro a antchito, yomwe ndi Windows Server, ya sitoko, yosunga mafayilo, ndi kena ka Linux. Zonse pamodzi ndi pafupifupi 500 GB. Tinachoka ku VMware, yomwe imagwira ntchito ngati Proxmox, pomwe Broadcom inagula kampaniyo mu 2023 n'kusiya kugulitsa malaisensi olipira kamodzi.

Pakadali pano ndimatenga snapshot (chithunzi cha mmene VM ilili pa nthawiyo) Lachisanu lililonse tikaweruka. Abwana akuti zimenezo zakwana, ndalama zina satulutsa. Ine mtima suli m'malo, makamaka ndikaganiza za seva kufa pa 9 mwezi, mawa lake msonkho wa PAYE ndi ndalama za penshoni za NAPSA zikufunika. Pa mapulogalamu a backup, ndiike Veeam kapena Proxmox Backup Server (PBS)? Nanga kopi ina ndiiponye ku cloud?

mayi_wa_maseva:
Achimwene, kawauzeni abwanawo kuti snapshot imakhala pa disiki yomweyo imene VM ili. Disiki ikapsa, zapsera limodzi. Ntchito yake ndi yobwerera m'mbuyo update ikakuvutani, basi.

Kwa inu ndingasankhe PBS. Ndi yaulere, ndipo imalowa mu Proxmox ngati storage wamba. Veeam nayo inayamba kugwira ndi Proxmox mu 2024, pa 12.2, ndipo Community Edition yake imalola makina 10 osalipira, koma ndi ma VM anayi sindikuona chovutikira. Chachikulu: PBS ikhale pa bokosi lakelake. Ngakhale desikitopu yakale yokhala ndi madisiki awiri a 2 TB pa ZFS mirror (disiki iliyonse ikhale kopi ya inzake) ikwana. Musaiike ngati VM mkati mwa seva yomwe mukufuna kuiteteza, ndaonapo anthu akutero. PBS imadula disiki m'zidutswa za 4 MiB n'kusunga chidutswa chilichonse kamodzi kokha, choncho mutha kusunga za masiku 7, za masabata 4 ndi za miyezi 6 osadzaza malo. Mu VM ya Windows ija ikanimo qemu-guest-agent, kapulogalamu kolumikiza VM ndi Proxmox, kuti database ya akaunti izikhazikika kaye backup isanayambe. Muyatsenso verify job ya sabata ndi sabata, yoona ngati backup sinaonongeke.

mudala_wa_Matero:
Amayi anena zoona, ine ndingowonjezera za malaiti, poti kuyambira chilala cha 2024 pamene madzi anatsika ku Kariba tonse tinaphunzira. Backup ya PBS imathamanga chifukwa cha dirty bitmap, kaundula wa malo a disiki amene asintha. Kaundulayu amakhala mu memory VM ikamayenda. VM ikangozima, wapita. Ndiye backup yotsatira imawerenga disiki yonse kuyambira poyamba, ngakhale imatumiza zosintha zokha. Mukadzaona ya mphindi zochepa yatenga maola, musaganize kuti yafa.

Choncho ikani ntchitoyi pa nthawi imene jenereta kapena inivata imakhala ikuyaka, osati 2 koloko usiku chifukwa choti aliyense amatero. UPS muilumikize ku seva ndi USB, muike NUT, pulogalamu yoyang'anira UPS, kuti batire ikatsala pang'ono ma VM azizima okha mwadongosolo.

wa_ku_Chilenje:
Zikomo amayi, zikomo a mudala. Desikitopu ilipo, yangokhala pansi pa tebulo la a cashier. Koma ikakhala m'chipinda chomwecho, moto kapena akuba akabwera ndiye zonse zapita. N'chifukwa ndimafunsa za cloud.

mayi_wa_maseva:
Werengani kaye. 500 GB pa laini ya 20 Mbps ndi maola opitirira 55, laini isanadukepo n'kamodzi komwe. Kutumiza mutha kupirira, poti ndi koyamba kokha. Koma tsiku la tsoka mudzafunika kukokanso zonsezo abwana ataima kumbuyo kwanu. Komanso m'malipiro muja muli manambala a NRC a anthu, ndipo Data Protection Act ya 2021 imati zinthu zotere zisungidwe pa seva ya muno m'Zambia, kupatula pamene lamulo lalola. Ngati kampani ili ndi nthambi kapena nyumba yosungira katundu kwina, ikani PBS yachiwiri kumeneko, izikoka yokha ma backup a PBS yoyamba ndi sync job. Yachiwiriyo muidzazire kaye mu ofesi pa kebulo, kenako muinyamule pa galimoto. Yatsani encryption, kiyi yake muisindikize pa pepala, ikakhale mu sefa ya abwana. Kiyi ikasowa, palibe amene angatsegule backup imeneyo.

mudala_wa_Matero:
Ndipo Loweruka lina muchite restore (kubwezera kuchokera pa backup) ya VM ya akaunti pa nambala ina ya VM, netiweki yake mutaichotsa, a akaunti alowemo aone ngati malipiro a mwezi watha alimo. Yang'anani wotchi. Maola amenewo ndiwo mukawauze abwana. Funso langa ndi ili: seva ikapsa, mudzabwezera pa chiyani? Desikitopu ija ili ndi RAM yokwana kunyamula Windows Server?

wa_ku_Chilenje:
Ili ndi 8 GB yokha. Ndikafunsa mtengo wa RAM m'tauni mawa. Warehouse tili nayo ku Chinika, koma intaneti yake ndi ya MiFi. Sync job ingapirire pamenepo, kapena ndizingosinthanitsa madisiki a USB Lachisanu lililonse?