CAN FD ndi CAN yakale pa mawaya amodzi: ECU ikulowa bus-off, vuto n'chiyani?

Wofunsa: Akuluakulu, ndigaireniko nzeru. Pa benchi pali ma ECU (timakompyuta toyendetsa zipangizo za galimoto) atatu a CAN yakale (njira yotumizirana mauthenga pa mawaya awiri otchedwa bus), 500 kbit/s, ndipo amalankhulana bwinobwino. Ndikangolumikiza yachinayi yotumiza CAN FD (CAN yatsopano, yothamanga ndiponso yonyamula data yambiri), 2 Mbit/s pa gawo la data, ma error frame (zizindikiro zoti uthenga walakwika) amachuluka ndipo yatsopanoyo imalowa bus-off, ndiko kuti imadzichotsa pa bus. Ndi mawaya kapena pulogalamu? Komanso, poti magalimoto atsopano akulowera ku Ethernet, CAN FD ikadali yoti munthu aitayire nthawi?

Woyankha woyamba: Musathamangire kudula mawaya, achimwene. Controller ya CAN ya mu ECU yakale siidziwa frame (phukusi la uthenga) ya FD. Imaiwerenga ngati ya masiku onse, ikaona kuti sizikugwirizana imaponya error frame, uthengawo n'kufa. Yotumizayo imabwerezanso, ndipo ikalephera kamodzi TEC yake (nambala yowerengera zolakwa potumiza) imakwera ndi 8. Ikadutsa 255 imadzichotsa yokha pa bus. Kulephera ka 32 motsatizana n'kokwanira, ndiye inu mumangoona ngati yafa nthawi yomweyo.

Njira zilipo ziwiri. Zimitsani FD pa ECU yatsopanoyo kuti izitumiza ma byte 8 ngati zinzake, apo ayi ipatseni bus yakeyake muike gateway (chipangizo chodutsitsa mauthenga pakati pa ma bus awiri) pakati. Koma dziwani kuti uthenga wa ma byte 64 gateway iyenera kuudula zidutswa, ndipo mbali yakaleyo siichedwa kudzaza.

Woyankha wachiwiri: Zoona zimenezo, komabe mawayawo ayesedwe, chifukwa mukadzakhala ndi ma FD okhaokha adzakuvutitsani. Zimitsani magetsi onse, ikani multimeter pakati pa mawaya awiri a bus, CAN H ndi CAN L. Muyenera kupeza ma ohm 60, kutanthauza ma resistor awiri a 120 kumapeto onse awiri. Mukapeza 40 ndiye kuti alipo wachitatu. Ma board ambiri oyesera amabwera naye kale, anthu n'kumaiwala kuchotsa jumper yomulumikiza.

Pa 2 Mbit/s bit imodzi imangotenga ma ns 500, choncho nthambi zazitali za waya zimasokoneza chizindikiro. Zifupikitseni, onani ngati transceiver yanu (chip yolumikiza ECU ndi mawaya a bus) inapangidwira FD, yatsani transmitter delay compensation (yowerengera kuchedwa kwa chizindikiro mu transceiver), ndipo sample point (nthawi imene bit imawerengedwa) ifanane pa ma ECU onse. China chobisika: FD yoyamba ya Bosch ya 2012 ndi ya ISO 11898-1 ya 2015 zimawerengera CRC (nambala yotsimikizira kuti uthenga wafika bwino) mosiyana. ECU imodzi ikakhala pa non-ISO (ya Bosch ija) sizimvana ngakhale zonse zili FD.

Woyankha wachitatu: Pa funso lachiwirilo, CAN FD musaisiye. Chikusintha ndi kayalidwe. M'malo mwa ECU pa ntchito iliyonse, opanga akuika makompyuta ochepa amphamvu pakati, ndi ma zone controller (oyang'anira zipangizo za chigawo chimodzi) m'mbali mwa galimoto, olumikizana pa Ethernet ya mawaya awiri opotana, 100BASE-T1 kapena 1000BASE-T1. Mawaya amachepa, ndipo pulogalamu imatha kusinthidwa kudzera pa intaneti. Koma kumunsi kwa zone controller kukadali CAN FD ndi LIN (bus yochedwa ya tizipangizo ting'onoting'ono), poti tizipangizo ngati mota ya galasi la pachitseko sitifuna Ethernet. Pa microcontroller pakadali chilankhulo cha C ndi AUTOSAR Classic (muyezo wa mapulogalamu a ECU). C++, SOME/IP (njira yolankhulirana pa Ethernet) ndi AUTOSAR Adaptive, yomwe inatuluka 2017, n'za pakompyuta yapakatiyo. Osowa kwambiri ndi anthu odziwa kulumikiza mbali ziwirizi, ndiye gateway yatchulidwa ija ndi poyambira pabwino.

Wofunsa: Zikomo nonse. Multimeter yaonetsa 40, jumper ija ndachotsa, tsopano ndi 60. Nditazimitsa FD ma error atheratu. Nanga pa gateway, uthenga wautali ndiudule ndi ISO-TP (njira yotumizira uthenga wautali m'zidutswa) kapena ndingogawa ma signal m'ma ID (manambala odziwitsa mauthenga) osiyana?

Woyankha woyamba: Ma signal obwera mobwerezabwereza agaweni m'ma ID. ISO-TP isiyireni diagnostics ndi kulemba pulogalamu mu ECU, imachedwetsa chifukwa chodikira flow control, yankho la wolandira lolola kuti zidutswa zina zibwere.