Bawuti ya sipuling'i ikungozungulira osatuluka, ndithandizeni nzeru

Akuluakulu m'gulu muno, ndabwera ndi vuto landisowetsa tulo. Ndili ndi Land Rover Series III yaifupi ija, ya 88 (mainchi 88 kuchokera pa matayala akutsogolo kufika pa akumbuyo), imene anandisiyira malemu bambo anga. Ndikufuna ndiidzutse mvula isanagwe. Ndayamba ndi mabushi a masipuling'i akumbuyo chifukwa labala yake inatheratu, galimoto ikapita pa bampu kumamveka gu! gu!

Mabawuti ena atuluka bwinobwino, koma imodzi yandikanika: yakutsogolo kwa sipuling'i ya mbali ya dalaivala, pamene imagwirana ndi chasesi. Nati ndinamasula popanda vuto. Bawutiyo ndikaika sipanala ikuzungulira ndithu, koma osasuntha kubwera kunja ngakhale pang'ono. Ndikamenya ndi hamala, hamalayo ikungodumpha ngati ndikumenya tayala. Masiku atatu ndikuthira WD-40, mafuta opopera omasulira dzimbiri aja, m'mawa ndi madzulo, manja onse matuza. Mnzanga akuti ndiotche ndi gasi. Ndiotchedi? Sindikufuna kuononga chasesi, galimotoyi ndi imene bambo ankatitengera kumudzi tili ana.

MAYANKHO

Achimwene, moto ayi! Pa 88 tanki ya mafuta ili pansi pa mpando wa dalaivala, pafupi penipeni ndi pamene mukugwirapo. Ngati moto ufunika, chotsani kaye tankiyo.

Ine ndimakonza magalimoto ku Ndirande, zimenezi ndimakumana nazo. Bushi imeneyo ili ndi mapaipi awiri achitsulo, wamkati ndi wakunja, labala pakati. Bawuti yanu yagwirana ndi paipi wamkati chifukwa cha dzimbiri, zasanduka chinthu chimodzi. Mutakakamiza ndi sipanala labala inang'ambika, ndiye bawuti ikuzungulira limodzi ndi paipiyo. Singatuluke chifukwa paipi ndi wonenepa kuposa bowo la pa chasesi. Kumenya kwambiri mungopinda chitsulo chogwira sipuling'i. Iduleni basi. Lowetsani mpeni wa sowo yodulira zitsulo pampata wa pakati pa sipuling'i ndi chitsulo cha chasesi, mudule mbali zonse ziwiri. Zimatenga nthawi chifukwa bawuti zake ndi zolimba, gulani mipeni itatu kapena inayi.

Zikomo madala, tsopano ndamvetsa chifukwa chake hamala imadumpha. Nanga giraindala singafulumire? Ndipo chotsalira m'diso la sipuling'i ndichichotsa bwanji?

Giraindala imatheka ngati disiki ndi yopyapyala, koma dzanja likaterereka mwadya chasesi. Ine ndimakonda sowo. Musanadule, chasesi ikhale pa zochirikiza zolimba, osati pa jeke yokha, ndipo jekeyo ikhale pansi pa ekiselo kuti sipuling'i isakufwanthukireni. Ikatsika, itulutseni panja, muotche labalayo kutali ndi galimoto, chamkati chigwa chokha. Paipi wakunja mumucheke ndi sowo cham'kati mpaka atang'ambika, kenako tchizulo.

Ndiwonjezereko pang'ono. Mabawuti a galimoto zimenezi ndi a mainchi, osati mamilimita, ndiye potenga yatsopano nyamulani imodzi mwa zimene zatuluka zija mukayerekeze. Pakani girizi wa kopa pa bawuti yonse. Ndipo musamange zolimba galimoto ili m'mwamba, itsitseni kaye iime pa matayala ake. Mukamangiratu ili pa jeke, labala imapotoka ndipo bushi yatsopano sichedwa kung'ambika.

Mwandithandiza kwambiri nonse. Mawa ndikagula mipeni ya sowo, Loweruka ndiyamba kudula. Tankiyo ndiichotsabe, ndaona kuti nayonso ikuchucha pang'ono pansi.