Kodi kuwala kwa ziphaniphani kungathandize mbewu kupanga chakudya?

Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni maganizo. Ndimaphunzitsa Biology kuno ku Mangochi, ndipo dzulo mtsikana wina wa Fomu 2 anandiimitsa mutu. Akuti magetsi atazima anakhala pakhonde n'kumaonerera ziphaniphani zikuthwanima m'dimba la mpiru m'mbali mwa Shire. Ndiye akufunsa: poti masamba amapanga chakudya ndi kuwala, mpiruwo supindulako ndi tizilomboti usiku?

Ndinamuuza kuti kuwalako n'kochepetsetsa poyerekeza ndi dzuwa lathu lino loumitsa usipa pathandala. Komanso chlorophyll, uja wobiriwitsa masamba, amakoka kwambiri kuwala kofiira ndi kwa buluu, pomwe ziphaniphani zambiri zimatulutsa kwachikasu kobiriwirako, mankhwala a m'mimba mwazo otchedwa luciferin akakumana ndi okosijeni.

Mwanayo sanagonje, inenso mtima sunakhale pansi. Paja mu 2005 asayansi analengeza za bakiteriya wa pansi pa nyanja ya Pacific, kuya mamita oposa 2,000, amene amapanga chakudya ndi kuwala kofooka kochokera m'ming'alu ya madzi otentha. Ngati kuwala kumeneko kukukwanira, kwa ziphaniphani kungakanike pati?

Alipo ali ndi njira yosalira ndalama yoti ana ayesere okha? Labu yathu ilibe choyezera kuwala, ndipo ndinamulonjeza yankho Lolemba.