Ndapeza kakalata m'kope la mwana wanga, ndiyambire pati?

Admin, ndibisireni dzina chonde.

Ndine bambo wa zaka 38, ndimakhala ku Area 25 ndi ana awiri. Mayi awo ali ku Joni, chaka chachiwiri chino, timangolankhulana pa WhatsApp akaweruka. Woyamba ndi mtsikana wa zaka 12, ali Sitandade 6.

Loweruka ndimaona kope lake la masamu, m'katimo munagwa kapepala kopindapinda. Olemba analipo atatu, wina bolopeni yabuluu, wina yakuda, wina pensulo. Zikuoneka kuti kamayenda kunsi kwa desiki aphunzitsi ali pa bolodi. Wanga analemba kuti, "Ine zija zandiyamba, musauze munthu." Wa bolopeni yakuda anamuuza kuti asamathirenso mchere m'ndiwo, akatero adadi ake atupa miyendo. Wa pensulo anati ukangoyamba kusamba usamakhale pamene panakhala mnyamata, mimba imalowa.

Apa m'pamene ndazindikira chifukwa chake ndiwo zimabwera zopanda mchere, ati "adadi, thirani nokha." Ine ndimayesa ulesi, mpaka ndinamukalipira. Chitenje chakale cha mayi ake ndinachipezanso chong'ambidwa, ndimayesa wapangira chokolopera.

Tulo sindinatione. Mwana amanditeteza ine, ine n'kumamukalipira. Kwathu ku Ntcheu bambo sayankhula zoterezi ndi mwana wamkazi, ndi ntchito ya agogo kapena azakhali. Koma agogo ake anatisiya, mlongo wanga ali ku Mzuzu. Ndimuuze kuti ndawerenga? Ndiyankhule naye ndekha, kapena ndidikire Disembala mayi ake abwere?

Mayi wa ana anayi: Disembala ndi kutali, bambo. Lero lomwe gulani mapadi ndi sopo, muike pabedi pake osanena kanthu. Adziwa yekha kuti simunakwiye. Za kakalatako musatchule kaye, akadziwa kuti mumafufuza m'makope ake sadzakuuzaninso kanthu.

Bambo wina wa ku Dedza: Zimenezi si za mwamuna ayi. Mwana akagwa pansi amalangizidwa ndi anamkungwi. Mutumizeni kumudzi pa holide, mwambo ulipo pa chifukwa.

Mtsikana wa ku koleji: Akulu, holide ikamafika anzake a pensulowo akhala atamuphunzitsa zingati? Ine ndinayamba ndili ndi zaka 11, ndinabisa miyezi inayi poganiza kuti ndadzivulaza. Kunyumba ankangoti "usamasewere ndi anyamata," ine n'kumaganiza kuti akunena fulaye ndi phada. Tanthauzo lake ndinalimvera kumjigo, kwa mtsikana wa Fomu 1 amene nayenso ankangoganizira.

Namwino: Ndiyankheko monga wa chipatala. Za mcherezo ndi chikhulupiriro cha makolo, thupi lanu silitupa chifukwa mwana wathira mchere ali kumwezi. Mimba simalowera pampando, imabwera pogonana basi, ndipo mwana ayenera kumva zimenezi mosazungulira, chifukwa amene akuopa desiki sadziwa chimene ayenera kuopa chenicheni. Adziwenso kuti miyezi yoyambirira msambo umatha kudumphadumpha, asadzidzimuke. Koma akamamva kupweteka kolephera nako kupita kusukulu, kapena magazi akapitirira sabata, mubwere naye. Zipatala zambiri zaboma zili ndi malo othandizira achinyamata. Onaninso m'buku lake la kuchipatala ngati analandira katemera wa HPV, woteteza khansa ya khomo la chiberekero, amene boma linayamba kupereka kwa atsikana a zaka 9 mu 2019. Ngati mukusowa mawu oyambira, imbani Chipatala Cha Pa Foni pa 54747, pa Airtel ndi ulere. Mwanayo mumuphunzitsenso 116, nambala yaulere ya ana, ngati wina atamugwira mosayenera.

Mphunzitsi wa pulayimale: Za kutha msinkhu zilimo mu Life Skills, koma ndinene zoona, kalasi ya ana oposa 100, anyamata akuseka kumbuyo, ambirife timangothamanga nawo mutuwo. Palibe mwana angakweze dzanja pamenepo. Mafunso enieni amafunsana okhaokha pa buleki. Funsani ahedi ngati pasukulupo pali mother group, amayi amenewo amadziwa kucheza ndi atsikana, ena amasokanso mapadi ochapa.

Wina: Koma mwana ameneyu amakukondani, mpaka kudya zozizira kuti adadi asatupe!

Mayi wa chigwirizano: Kumpingo kwanu kulibe alangizi? Koma musankhe bwino, ena amangoopseza. Ndipo wamng'onoyo ngati ndi mnyamata, ameneyo ndi wanu, musadzayembekezenso kakalata.

Mwini funso: Zikomo nonse. Mapadi ndinagula, ngakhale pa shopu ndinachita kuloza ndi chala. Usiku ndinaimbira mayi ake pa vidiyo, ndinamupatsa mwana foni n'kutuluka ndi mng'ono wake kukagula makala omwe tinali nawo kale. Anacheza mpaka bandulo kutha. Atuluka maso ofiira, sitinayang'anane. Za kakalata sindinanene. Lero masana nyemba zabwera ndi mchere, wochuluka pang'ono, koma ndadya osadandaula. Azakhali ake akuti abwera kumapeto kwa mwezi. Funso latsala ndi la anzake awiri aja: makolo awo ndiwauze, kapena ndimugwetsa mwana wanga m'mavuto kusukulu?