Thandizeni: matailosi a 1830 akukana kulumikizana m'pulogalamu yanga

Wosatchula dzina: Akuluakulu, mutu waima. Ndikulemba pulogalamu yosewerera pa kompyuta 1830, masewera a pa bolodi omanga njanji poika matailosi pa mapu a mahekisi (timagawo ta mbali 6). Matailosi achikasu alibe vuto: nambala 7, 8, 9 ndi 57 akulumikizana bwinobwino. Koma ndikafika pa obiriwira, 23 ikutuluka ngati 24, ndipo njanji imene pa sikirini yafika mumzinda, pulogalamu ikuti sinafike. Fayilo ya matailosi anandipatsa mnzanga amene tinayamba naye ntchitoyi, pano foni sakuyankha. Laputopu nayonso ikumazima yokha, anzanga osewera nawo akungondifunsa kuti zitha liti, wina mpaka akuti ndilibe luso. Vuto lili pati?

Mwini Sitima: Fufutani zonse, muyambirenso! Aliyense amene amasunga mapu ndi mizere ndi makolamu amagwa m'dzenje lomweli. Gwiritsani ntchito cube coordinates: manambala atatu, x + y + z = 0, oyandikana nawo onse 6 mumawapeza pongowonjezera 1 kwina n'kuchotsa 1 kwina. Nkhani ya mzere wa odd ndi wa even imatheratu.

Nachisale: A Mwini Sitima, mwawerenga funsolo? Mapu akanakhala olakwika, nambala 9 sikanalumikizana. Ofunsa, chimene simunanene ndi ichi: mbali 0 ya tailosi ili kuti, ndipo mukuwerenga 0 mpaka 5 motsata muvi wa wotchi kapena mobwerera? Pa webusayiti ya masewerawa ya 18xx.games, 23 ili ndi njanji zolumikiza mbali 0–3 ndi 0–4, pomwe 24 ili ndi 0–3 ndi 0–2. Fayilo ikawerenga motsata wotchi koma code yanu n'kuwerenga mobwerera, mbali iliyonse e imasanduka (6 − e) mod 6 (mod 6 ndi chotsala mukagawa ndi 6). Pamenepo 4 imakhala 2, ndipo 23 yasanduka 24 ngati mukuionera pagalasi. Achikasu aja sanakuonetseni vutolo chifukwa 7 kapena 8 ikatembenuzidwa chagalasi imafanana ndi iyo yomwe itazunguzidwa. Onaninso 26 ndi 27, komanso 28 ndi 29. Ngati nazo zasinthana, ndi chimenechi basi.

Wosatchula dzina: Zikomo mayi. Koma fayiloyo ilibe ndemanga ngakhale imodzi, mnzangayo analemba ngati sadzagwira ndi munthu. Kodi ndingamukakamize bwanji kuti ayankhe?

Nachisale: Musiyeni mnzanuyo. Jambulani 23 pa rotation 0 (isanazunguzidwe), muyerekeze ndi ya m'bokosi, mutiuze.

Mwini Sitima: Mukumata bandeji pa chilonda. Lero akonza galasi, mawa afuna kuwonjezera masewera ena a njanji a 1889, zonse zigwa. CUBE COORDINATES, abale!

Kanjanji: 1889 singagwe chifukwa cha zimenezo. Kusiyana kwake n'kwakuti mapu a 1830 ali ndi nsonga pamwamba, pomwe a 1889 ndi afulati pamwamba. Kusiyana ndi madigiri 30 basi. Tanthauzo la tailosi lisungidwe kamodzi, rotation ikhale nambala 0 mpaka 5, ndipo madigiri 30 aja aziwonjezeredwa pojambula pokha: rotation × 60, kuphatikiza 30 ngati mapu ndi ansonga. Mukawalowetsa m'malamulo a masewera, ndiye mwadzipalira. Komanso 1830 ili kale ndi manambala abwino: oyandikana ndi E19 ndi E17, E21, D18, D20, F18 ndi F20, mzere uliwonse chimodzimodzi.

Mwini Sitima: Amenewo ndi doubled coordinates, ndipo kuwerenga mtunda ndi amenewo n'kovuta kuposa cube. Ndanena kale.

Kanjanji: Mu 1830 sitima siwerenga mtunda wa mahekisi, imawerenga mizinda ndi matauni. Mtundawo mukuufuniranji?

Gogo wa Code: Palibe amene wafunsa chinenero cha code. Ngati ndi JavaScript, −1 % 6 (% ndiye mod) imapereka −1, osati 5 monga Python ndi Ruby. Munthu akazunguza tailosi chakumanzere kuchokera pa 0, mbali imakhala −1 ndipo njanji imasowa. Lembani ((e + r) % 6 + 6) % 6, pomwe r ndi rotation. Mbali e iyenera kukumana ndi (e + 3) % 6 ya hekisi yoyandikana nayo, ndipo izi ziyesedwe pa mapu onse. Kumbukiraninso kuti mu SVG (mtundu wa zithunzi za pa kompyuta) y amatsika pansi, choncho rotate(60) imazungulira motsata wotchi, mosiyana ndi masamu a kusukulu.

Wosatchula dzina: 26 ndi 27 nazo zasinthana. Ndiye ndisinthe fayilo kapena code?

Mwini Sitima: Zonse ziwiri!

Nachisale: Chimodzi chokha. Mukasintha zonse ziwiri, galasi libwerera pomwe linali.